Wi-Fi ya pakhomo ili ndi makiyi awiri

Rauta kapena ka MiFi kamene mwaika pa shelefu ndi wailesi yaing'ono. Mafunde ake saimitsidwa ndi khoma: amafika kwa aneba, nthawi zina mpaka kumsewu, ndipo aliyense wokhala ndi laputopu ndi pulogalamu yoyenera angathe kuwatola. Chomwe chimamulepheretsa kuwerenga zomwe watolazo ndi encryption, masamu omwe amasokoneza uthenga kuti womasula akhale yekhayo amene ali ndi kiyi.

Masamu oyamba, otchedwa WEP, adabwera mu 1997 ndipo sadachedwe kugwa. Mu 2001 Scott Fluhrer, Itsik Mantin ndi Adi Shamir adaonetsa kuti munthu akasonkhanitsa mauthenga ochuluka akhoza kupeza kiyi. Ena adanyalanyaza chenjezoli. Akuba adalowera pa Wi-Fi ya WEP m'masitolo a kampani ya TJX ku America, ndipo mu 2007 zidadziwika kuti manambala a makadi akubanki oposa 45 miliyoni adapita. Masamu atsopano adatsatira: WPA2 idabwera mu 2004, WPA3 mu 2018. Rauta yanu ikakupatsani mwayi wosankha, tengani WPA3, apo ayi WPA2 ya AES. Ngati imangodziwa WEP yokha, nthawi yake yopuma idakwana.

Koma WPA2 imalimba molingana ndi pasiwedi yomwe mwaipatsa. Foni ikamalumikizana ndi rauta, zida ziwirizi zimapatsana timauthenga tinayi totsimikizirana kuti zonse zikudziwa pasiwedi. Wakuba akajambula timauthengati safunikanso kukhala pafupi ndi nyumba yanu. Amakakhala kwawo, kompyuta n'kumayesa mapasiwedi mamiliyoni, rauta yanu osadziwa kanthu. Dzina la mwana, chaka chobadwa, nambala ya foni, 12345678, zonsezi zimayesedwa koyambirira. WPA2 imalola zilembo kuyambira 8 mpaka 63, ndiye palibe chifukwa choumirira pa pasiwedi yaifupi. Mawu anayi kapena asanu a Chichewa osagwirizana, ophatikiza ndi manambala, ndi ovuta kuwaganizira koma osavuta kuwakumbukira. Ubwino wa WPA3 ndi wakuti idatseka njira yoyesera kutaliyi: pasiwedi iliyonse yoyesa iyenera kudutsa pa rauta penipeni.

Palinso WPS, yomwe idapangidwa kuti anthu asamavutike kulemba pasiwedi. Imagwiritsa ntchito PIN ya manambala 8. Mu 2011 Stefan Viehböck adapeza kuti rauta imayankha theka lililonse la PIN palokha, ndipo nambala yomaliza ndi yongotsimikizira zinazo, moti kuyesa ka 11,000 kumakwanira. Izimitseni. Kusiya WPS ili yoyaka kuli ngati kukhoma chitseko ndi loko wamkulu zenera lili pululu.

Kiyi yachiwiri ndi yomwe ambiri saidziwa n'komwe: pasiwedi yolowera pa tsamba loyendetsera rauta. Tsambali limapezeka polemba adiresi monga 192.168.1.1, kapena 192.168.8.1 pa ma MiFi ambiri a Huawei, ndipo pa zida zambiri dzina ndi pasiwedi zochokera kufakitale ndi admin. Wolowa pamenepo angathe kusintha chilichonse, kuphatikizapo kukulozerani ku tsamba labodza looneka ngati la banki yanu. Mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai idalanda marauta ndi makamera ambirimbiri poyesa mapasiwedi akufakitale pafupifupi 60 okha, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho zida zolandidwazo zidasokoneza Twitter ndi Netflix. Sinthani pasiwediyi, isafanane ndi ya Wi-Fi. Pa tsamba lomwelo onaninso ngati pali pulogalamu yatsopano ya rauta, chifukwa zolakwika monga KRACK, yomwe Mathy Vanhoef wa ku Belgium adaulula mu 2017, zimakonzedwa mwa njira imeneyi.

Malangizo ena otchuka ine sindiwawerengera kwenikweni. Kubisa dzina la netiweki sikuibisa kwa munthu wodziwa, popeza foni yanu imalitchula ikamalumikizana. Kulola zida za MAC address (adiresi yozindikiritsa chida) yodziwika zokha kumavutitsa eni nyumba kuposa wakuba, amene amangokopera adiresi ya foni yololedwa.

Chothandiza ndi netiweki ya alendo, ngati rauta ili nayo: mlendo amapeza intaneti osafika pa kompyuta zanu. Ndipo bandulo ikamatha msanga, musanadandaule kukampani ya foni, tsegulani mndandanda wa zida zolumikizidwa pa tsamba lija. Mukapeza foni yosadziwika, sinthani pasiwedi ya Wi-Fi; zida zonse zidzachotsedwa, ndipo zobwerera zidzakhala zokhazo zomwe mwaziuza yatsopano.