Ana Amene Ankatsala Kunyumba Ndiwo Akutitsogolera Lero

Ndili ndi nkhani yokoma, ndipo yandikanika kuisunga mumtima. Mpingo wathu wa kumudzi kuno wasintha moti alendo akumafunsa ngati ndi womwe uja. Makoma ndi omwe aja, belu ndi lomwe lija, abusanso sadasamuke. Chasintha n'chakuti ana aulumali, amene kale ankatsala kunyumba Lamulungu lililonse, lero adzaza benchi yakutsogolo, ndipo ena mwa iwo ndiwo akutitsogolera pa mapemphero.

Kuti mumvetse chimwemwe chathu, muyambe mwamva kumene tachokera. Tchalitchi chathu chidamangidwa pachitunda, ndipo pakhomo pake padali masitepe aatali. Wa miyendo yabwino sankawaona n'komwe, koma kwa mnyamata wina wa m'mudzi mwathu, amene adapuwala miyendo atadwala malungo aakulu ali wakhanda, ulendo unkathera pomwepo. Mayi ake ankamubereka ngakhale adali atasinkhuka, n'kukakhala naye pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa zenera, ulaliki n'kumaumvera komweko. Mvula ikayamba kugwa, sitinkawaonanso mpaka nthawi yokolola.

Padalinso kamtsikana kosamva, kamene kankabwera ndi agogo ake n'kungoyang'ana milomo ya anthu ikugwedezeka. Kakati katulutse mawu, anzake ankaseka, mpaka kadaleka kubwera. Mnyamata wina wa khunyu adagwa tsiku lina pa Sande sukulu, ana onse n'kubalalika, makolo n'kuchenjezana kuti wokhudza thovu lake atengera matendawo. Naye adasowa. Makolo a mwana wachialubino, chiyambire mu 2014 pamene nkhani za kubedwa ndi kuphedwa kwa anthu achialubino zidachuluka m'dziko muno, sankalola kuti mwana wawo adutse njira ya kudambo kubwera kuno. Pamwamba pa zonsezi panali manong'onong'o: uyu adamukhwimira bambo ake kuti alemere, uyo ndi tchimo la mayi ake. Makolo ena ankangomutulutsa mwana usiku kupita naye kokamupempherera, ndipo akapanda kuchira ankauzidwa kuti chikhulupiriro chawo n'chochepa.

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo m'Malawi muno ali ndi ulumali. Koma ukadayang'ana ana a Sande sukulu yathu, sukadapezamo ndi mmodzi yemwe.

Zinthu zidatembenuka atabwera mayi wina, mphunzitsi amene adamutumiza ku sukulu ya pulayimale ya kwathu kuno. Iyeyu adaphunzira ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kumene amasula aphunzitsi a ana ofuna thandizo lapadera. Atakhala nafe miyezi ingapo, adapempha kuti alankhule ndi akulu ampingo.

"Abusa ndi akuluakulu nonse, pepani ndifunseko," adatero atagwada mwaulemu. "Kusukulu kuja ndili ndi ana aulumali m'kalasi mwanga, ndipo makolo awo ndimawaona muno akuimba. Nanga anawo Lamulungu amapita kuti?"

Mkulu wina wampingo, amene adagwirapo ntchito m'boma, ndiye adayamba kuyankha. Adati dziko lathu lidavomereza mu 2009 pangano la United Nations lokhudza ufulu wa anthu aulumali, ndipo mu 2012 lidakhazikitsa lamulo lake loti nawonso azitha kufika pamalo pamene pafika anthu onse. "Boma latitsogolera ife a Mulungu," adatero, "tiyeni tithamange tilipeze."

Tidathamangadi! Amayi a Mvano adagawana midzi n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Kumene ankaganiza kuti awabisira ana, adalandiridwa ndi nthungululu. Gogo wa kamtsikana kosamva kaja adawayalira mphasa nati, "Ana anga, chibadwire mdzukulu wangayu palibe wa mpingo adabwerapo kudzamufunsa dzina. Lero mwabwera, simuchoka musanadye mbatata." Amayiwo adabwerako ndi mndandanda wa mayina wodzaza tsamba.

Lamulungu lotsatira abusa adalalikira ngati sadalalikirepo. Adayamba ndi munthu wobadwa wosaona wa pa Yohane 9, amene Yesu adakana kuti ulumali wake udadza ndi tchimo lake kapena la makolo ake. Adatikumbutsa za Mefiboseti, mwana wa Yonatani, wolumala mapazi onse awiri, amene Davide adamuitanitsa kuti azidya naye pagome lachifumu masiku onse. Atafika pa anthu anayi a pa Marko 2, amene adasasula denga kuti mnzawo wopuwala afike kwa Yesu, abusa adaloza kukhomo n'kufuula kuti, "Abale, ife tili ndi mwayi. Denga tilisiye, tingophwanya masitepe!" Tchalitchi chonse chidafa nacho chiseko, ndipo tisanatuluke anthu adali atalonjeza kale matumba a simenti akagulitsa nandolo.

Ntchito yake idali ngati ukwati. Anyamata ankatuta mchenga kudambo pangolo, amayi ankatunga madzi akuimba, mmisiri wathu wa zomangamanga adakana malipiro. Aphunzitsi aja adaimirira pomwepo kuonetsetsa kuti kanjira kolowera kakhale kotalika ndi kotsetsereka pang'onopang'ono, chifukwa kakakhala kotsetsereka kwambiri njinga ya wolumala imabwerera m'mbuyo. Tidakumba chimbudzi china cha khomo lalikulu, chokhala ndi pokhalira ndi chitsulo chogwirira. M'tchalitchi tidadula benchi imodzi pakati kuti njinga iziima pamzere umodzi ndi anthu ena onse, m'malo mokankhidwira kukhoma.

Mlangizi wa zaumoyo adabwera kudzatiphunzitsa za khunyu: kuti sapatsirana, kuti wogwa umamuchotsera zinthu zomwe zingamupweteke n'kumugoneka chammbali, kuti sumuika supuni kapena chala m'kamwa, ndiponso kuti mankhwala a kuchipatala amathandiza ambiri akamamwa mosadumphitsa. Makolo adamva koyamba kuti mwana wobadwa ndi mapazi opindika amawongoka akapita naye msanga, ndipo kuti ku Blantyre kuli chipatala cha Beit CURE chimene chakhala chikuthandiza ana a mavuto a mafupa kuyambira mu 2002. Mnyamata wa pansi pa mango uja adapeza njinga yake kudzera kuchipatala cha boma. Ndipo Loweruka lililonse masana aphunzitsi ankatiphunzitsa chinenero cha manja. Mukadaona akulu ampingo a imvi akupinda zala, akulakwitsa, ana akuwakonza!

Tsopano bwerani muone lero. Mnyamata uja amalowa yekha, akupalasa njinga yake ndi manja, ndipo ndiye amayendetsa mbale ya chopereka. Amaiika pamiyendo n'kuima pa benchi iliyonse akumwetulira, ndipo msungichuma akuti chiyambire ntchitoyi palibenso amene amanamizira kugona nthawi ya chopereka. Mayi ake adavalanso yunifolomu yawo ya Mvano imene idakhalitsa m'sutikesi, ndipo mawu awo a alito, amene ankangomveka kuseri kwa zenera, akugwedeza malata.

Kamtsikana kosamva kaja kali m'kwaya ya ana. Amaima pafupi ndi ng'oma kuti azimva kugunda kwake m'chifuwa, ndipo nyimbo amaiimba ndi manja, anzake onse n'kumamutsatira. Akamaliza sitiwomba m'manja, timakweza manja m'mwamba n'kumawagwedeza monga achitira anthu osamva, mpingo wonse, ndi agogo omwe. Walowanso kalasi, ndipo abusa akuphunzira mafunso a katekisimu m'chinenero cha manja kuti adzamufunse okha.

Mnyamata wina wosaona, amene amaphunzira kusukulu yogonera komweko, adabwera pa tchuthi cha Khirisimasi ndi buku lake la zilembo za Braille, n'kuwerenga Mawu pamaso pa mpingo osaphonya ndi liwu limodzi. Potuluka azigogo adamuzungulira, aliyense akufuna kusisita timadontho ta papepalapo, akufunsana kuti kodi chala chingawerenge bwanji. Mwana wachialubino amabwera pakati pa gulu la achinyamata amene amakamutenga ndi kukamutula pakhomo, chipewa chake chachikulu kumutu, ndipo amakhala kutsogolo kumene maso ake amaona bwino bolodi. Pa sewero la kubadwa kwa Yesu adali mmodzi wa anzeru a kum'mawa. Wa khunyu uja ndiye amaliza belu. Tsiku lina adagwa pabwalo, ndipo anzake omwe aja adagwada, kumugoneka chammbali, mmodzi n'kupinda juzi yake kumuikira kumutu. Atatsitsimuka adapitiriza masewera.

Akuluakulu adati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Kanjira kotsetsereka kaja tidamangira ana, koma lero akudzerapo ndi azigogo a mawondo olira, amayi oyembekezera, ndi bambo wina amene adafa ziwalo mbali imodzi ndipo adali atasiya kupemphera nafe. Tidadzimangira tokha osadziwa!

Mbiri yafika patali. Anzathu a Katolika a tsidya la mtsinje adatuma anyamata kudzayeza kanjira kathu ndi chingwe, ndipo shehe wa pamzikiti wapafupi adabwera kudzafunsa za maphunziro a Loweruka aja. Pa 3 Disembala, tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira anthu aulumali, tagwirizana kuti mwambo wonse wa mapemphero adzayendetse ndi anawa, kuyambira pemphero lotsegulira mpaka zolengeza.

Ngati kumpingo kwanu kulibe mwana waulumali ndi mmodzi yemwe, musaganize kuti kwanuko sabadwa. Ali m'nyumba, akudikira wogogoda. Pitani mukawafunse mayina, ndipo konzekeranitu, chifukwa akangolowa akulandani mbale ya chopereka, belu ndi kwaya yomwe, inu n'kumangovina ndi chimwemwe ngati ife.