Pamene mawu a pansi pa filimu ali zithunzi chabe

Tsiku lina ndinafuna kukonza dzina lolembedwa molakwika m'mawu otuluka pansi pa filimu ya pa DVD, koma ndinalephera. Kwa kompyuta, mawuwo sanali zilembo ayi, anali tizithunzi. Ukawakopera kuchoka pa DVD amabwera m'mafayilo awiri a VobSub: .sub imasunga zithunzi, .idx imasunga nthawi yoti chithunzi chilichonse chioneke. Pa Blu-ray mtundu wake ndi PGS.

Mankhwala ake ndi OCR, luso lothandiza kompyuta kuzindikira zilembo pa chithunzi. Ine ndimagwiritsa ntchito Subtitle Edit, pulogalamu yaulere, pamodzi ndi pulogalamu ya OCR yotchedwa Tesseract, yomwe inapangidwa ku Hewlett-Packard ndipo inaperekedwa kwa aliyense mu 2005. Mapulogalamu awiriwa amawerenga chithunzi chimodzichimodzi, n'kulemba mawuwo monga zilembo m'fayilo ya SRT popanda kusokoneza nthawi yake.

Koma makina amaphonya. Amasokoneza l wamng'ono ndi I wamkulu, 0 ndi O, ndipo zilembo zopendekeka zimawavuta kwambiri. N'chifukwa chake ndimayamba ndasankha chiyankhulo choyenera, kenako ndimawerenga mzere uliwonse ndikuyerekeza ndi chithunzi chake. Kuthamanga sikufika.

Ntchitoyi ndimaikonda chifukwa cha phindu lake. Mawu akasanduka zilembo, ukhoza kuwakulitsa kuti wa maso ofooka awerenge, kuwakonza kuti wosamva atsatire bwino nkhani, kapena kuwamasulira m'Chichewa kuti agogo nawonso amve zimene zikukambidwa.