Matope a dzinja amadya dizilo

Dzinja likafika, magalimoto a turbo onyamula katundu pakati pa Manyamula ndi pa boma la Mzimba amatha kuyamba ulesi pokwera mtunda, dizilo n'kumatha msanga. Poyambira kufufuza ndi pa intercooler, chipangizo chonga radiyeta chomwe chimaziziritsa mpweya wotentha wochokera ku turbo usanalowe mu injini. Mvula payokha ilibe vuto, imathandizanso kuziziritsa. Mdani ndi matope: akaumira m'timipata ta chipangizochi, mphepo siidutsa, injini imalandira mpweya wotentha, mphamvu n'kuchepa. Mankhwala ake safuna ndalama zambiri: kutsuka ndi madzi osathamanga kwambiri kuti tizitsulo take topyapyala tisapindike, komanso kumangitsa mapaipi omwe akhwepa ndi mabampu.