Chilonda cha Amalume Chimene Sichinkapweteka

Lero ndikulankhula ndili ku Foleshill, kuno ku Coventry, ndipo nkhani yake ndi ya phazi. Musaseke, aise.

Amalume anga ali ndi shuga, ndipo amagwira ntchito yoimirira usiku wonse atavala majombo olimba aja. Tsiku lina azakhali pochapa anapeza sokosi ili ndi magazi ndi mafinya. Kufunsa eni ake, akuti, "Iyayi, kachithuza chabe, sikakupweteka n'komwe."

Apa ndi pamene pagona nkhani. Shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri amawononga mitsempha imene imatidziwitsa ululu, phazi limachita dzanzi. Munthu amaponda kamwala, kapena kupsa ndi botolo la madzi otentha nthawi yozizira ino, osamva kanthu. Komanso magazi safika bwino kumapazi, ndiye chilonda chimachedwa kupola, tizilombo n'kulowa mpaka kufupa. Ambiri amene amadulidwa chala kapena mwendo chifukwa cha shuga, zinayamba chonchi.

Amalume sanapite kuchipatala, ati shifiti iwadutsa. Mnzawo wina anawagulira mankhwala a zitsamba a ku China, ena onyikamo mapazi, ena odzola. Ine sindinyoza zitsamba, tonse takula nazo. Ku China madokotala ena amapereka zitsamba monga huangqi pamodzi ndi chithandizo cha kuchipatala, osati m'malo mwake, ndipo kafukufuku wambiri wa zimenezi anachitika pa anthu ochepa. Koma kunyika phazi ladzanzi m'madzi otentha? Lipsa inu osadziwa, khungu lifewa, chilonda chikula. Za zodzolazo, mu 1999 madokotala a ku London anayeza mafuta 11 a zitsamba za ku China, ndipo mu 8 anapezamo dexamethasone. Ameneyu ndi steroid, amachedwetsa chilonda kupola. Mukamagula zitsamba kuno, onani ngati paketi ili ndi chizindikiro cha THR, ndipo auzeni adokotala kuti mukumwa kapena kudzola chiyani.

Tinachita kuwakakamiza kupita kwa GP. Malangizo a NICE amati munthu wa shuga akapezeka ndi chilonda kuphazi atumizidwe kwa akatswiri a mapazi pasanathe tsiku limodzi la ntchito. Tsiku limodzi, osati mwezi. A podiatrist anapala khungu lakufa lonse, anamanga, anawapatsa maantibayotiki ndi chinsapato chachikulu choti chilondacho chisamapondedwe. Ena amawaika chikhakha. Chinsapatocho amalume ankadana nacho zedi, ati kutchalitchi anthu awaona bwanji. Ndinawauza kuti, "Amalume, musavule, chilonda chopondedwa tsiku ndi tsiku sichitseka." Chinatenga miyezi, koma zala zonse zilipo.

Inu achinyamata, izi si za madala okha ayi. A Diabetes UK amati kwa ife anthu akuda chiopsezo cha shuga wa mtundu wachiwiri chimakwera kuyambira zaka 25. Kulembetsa kwa GP n'kwaulere, mapepala anu akhale otani. Aliyense wa shuga ayenera kupimidwa mapazi kamodzi pachaka. Phazi likatupa, kutentha, kusintha mtundu kapena kununkha usiku kapena Lamlungu, imbani 111 pompo, osadikira Lolemba.

Panopa azakhali amayang'ana kupansi kwa mapazi a amalume madzulo alionse, ndi tochi ya pafoni, n'kugwedeza majombo asanavalidwe. Dzana munagwa kamsomali.