Ku Petauke ndi Nyimba Cipani Sicipambana ndi Dzina Lokha

Cipani colamula dziko lonse cingathe kusowa mpando pakati pa Ansenga a ku Petauke ndi Nyimba. Mbiri ya masankho icitira umboni zimenezi.

M'caka ca 1991, pamene MMD ya Bambo Frederick Chiluba inatenga mipando 125 mwa 150 m'Nyumba ya Malamulo, Cigawo ca Kum'mawa cinakana kutembenuka, ndipo mipando yake yonse 19 inatsala m'manja mwa UNIP ya Dr Kenneth Kaunda. Pambuyo pake MMD inazika mizu kuno m'masiku a Bambo Rupiah Banda. PF nayonso inalowa mu 2015 ndi Bambo Edgar Lungu, amene makolo awo ngocokera ku Petauke, anthu nanena kuti wako ni wako.

Koma mu 2021 anthu a Petauke Central anasankha Bambo Emmanuel Jay Banda, a ku Nyimba nasankha Bambo Menyani Zulu, onse awiri oima paokha opanda cipani. Mu February 2025, pa cisankho capadera ku Petauke Central, UPND ya Bambo Hakainde Hichilema inagonja kwa Bambo Simon Banda a New Congress Party, ngakhale kuti inali m'boma.

Mlimi wa kuno ayang'ana ngati fataleza wafika mvula isanagwe, ndiponso ngati ndalama za cimanga cogulitsa ku FRA zalipidwa msanga. Cipani cofuna mavoti ake cikumbukire mau a akulu akale akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.