Kodi Kilt ya ku Scotland Ingapirire Chitungu cha ku Mtakataka?

Ubale wa dziko lathu ndi dziko la Scotland ndi wakalekale. Dr David Livingstone anafika pa nyanja yathu m'chaka cha 1859, amishoni a Livingstonia anamanga ku Cape Maclear mu 1875, ndipo mu 2005 maboma awiriwa anasainirana pangano la mgwirizano. Chifukwa cha ubale umenewu alendo a ku Scotland sasowa kuno kwathu: aphunzitsi, madokotala, ana asukulu ndi ena ongodzaona dziko. Amuna ena mwa iwo amalongedza m'chikwama chovala cha makolo awo chotchedwa kilt, choti akavale pa ukwati kapena pa chikondwerero. Tsono funso lathu ndi ili: mlendo wotere akatsika Khwekhwerere nafika ku Golomoti, ku Mua kapena ku Mtakataka m'mwezi wa Novembala, kodi chovala chakecho chidzamuthandiza kapena chidzamupweteka? Yankho lake likutikhudza nafenso, pakuti mkanjo umene ambiri a ife tikuulakalaka udzakumana ndi dzuwa lomweli.

Kodi kilt n'chiyani?

Kilt ndi chovala cha amuna a kumapiri a kumpoto kwa Scotland. Amaimanga m'chiuno cha pa mchombo ndipo imalekeza m'maondo. Kutsogolo nsalu ziwiri zimasanjikana, kumbuyo nsaluyo amaipindapinda mizere yambiri. Amaluka nsalu yake ndi ubweya wa nkhosa, ndipo mizere ya mitundumitundu imene imapingasana pansaluyo kawirikawiri imasonyeza banja kapena gulu la asilikali la mwini wake. Kilt yeniyeni imadya nsalu yoposa pang'ono mamita 7 ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 2. Poti ilibe matumba, munthu amalendeweretsa kutsogolo kachikwama kachikopa kotchedwa sporran. Pa mwambo waukulu amaonjezapo masokosi aubweya ofika m'maondo ndi jekete.

Ena akaona mwamuna atavala kilt amaseka, amati wavala siketi ya mkazi wake. Amene amawerenga Baibulo amakumbukanso lamulo la pa Deuteronomo 22:5 loletsa mwamuna kuvala zachikazi. Koma kwa eni ake kilt ndi chovala chachimuna, ndipo anachivutikira. Mu 1746 boma la Britain, litagonjetsa anthu a kumapiriwo, linaika lamulo lowaletsa kuvala kilt, ndipo lamulolo linachotsedwa mu 1782. N'chifukwa chake Msikotishi savala kilt mwachibwana. Nafenso tisaiwale kuti agogo athu aamuna ankavala nyanda ndi chilundu buluku lisanabwere, ndipo mpaka lero Angoni a kwa Inkosi Kachindamoto amavala zibiya akamavina ngoma.

Maiko awiri, nyengo ziwiri

Kilt inabadwira ku dziko la mphepo, nkhungu ndi mvula yamawawa. Mu mzinda wa Edinburgh, ngakhale mu Julayi umene ndi mwezi wofunda koposa, masiku ambiri kutentha sikufika madigiri 20. Nyengo imeneyi ikufanana ndi ya pa boma la Dedza m'miyezi yozizira. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja ili pa mamita osakwana 500. Munthu akatsika mamita 1,000, kutentha kumakwera ndi madigiri 6 kapena 7. Ndiye chifukwa chake wochoka ku Dedza m'mawa atavala juzi amaivula asanafike pa Golomoti. Kuchigwa kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 30, masiku ena n'kufika 35. Mvula ikayandikira mpweya umadzaza chinyezi, ndipo kumagwa chitungu chija chimene chimatilepheretsa kugona.

M'mene thupi limadziziziritsira

Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri 37. Likayamba kutentha limatulutsa thukuta. Koma dziwani ichi: thukuta siliziziritsa chifukwa chongotuluka ayi, limaziziritsa pamene likuuma pakhungu ndi kusanduka nthunzi, pakuti pouma limachoka ndi kutentha kwa thupi. Mtsuko wadothi umaziziritsa madzi mwa njira yomweyi. Kukakhala kotentha koma kouma, thukuta limauma msanga. Kukakhala chitungu, mpweya umakhala utakhuta kale madzi ndipo sulandiranso ena msanga. Thukuta limangoyenderera, munthu amataya madzi ndi mchere, koma osazizidwa. Wogwira ntchito pa dzuwa angathe kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola limodzi. Choncho chovala chabwino cha kunyanja ndi chimene chimalola mphepo kufika pakhungu.

Ubwino ndi kuipa kwa kilt pa dzuwa

Apa ndi pamene kilt imadabwitsa. Kasokedwe kake n'koyenera malo otentha, koma nsalu yake ndi ya malo ozizira. Poti m'munsi ndi motseguka, munthu akamayenda mapindo aja amagwedezeka ndi kukupiza mphepo m'miyendo. Pa mfundo imeneyi kilt imaposa buluku lothina. Mu 1980 akatswiri ena anafufuza mikanjo ya Aluya a m'chipululu cha Negev, napeza kuti wovala mkanjo wakuda satenthedwa koposa wovala woyera, malinga ngati mkanjowo ndi wotaya, chifukwa mpweya umalowa m'munsi ndi kutulukira m'mwamba ngati utsi m'chumuni.

Vuto lili m'chiuno. Pamenepo nsalu yaubweya imasanjikana kambiri, ili ndi nsalu ina yolimba m'kati, ndipo amaimanga ndi malamba achikopa. Mphepo sifika, thukuta limaunjikana, khungu limayamba kuyabwa ndi kutuluka timatuza. Ubweya umamwa madzi okwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, choncho kilt imanka ilemera dzuwa likamakwera. Ukaonjezapo masokosi aubweya ndi jekete, phindu lonse la mphepo ya m'miyendo lija latha.

Chachiwiri ndi khungu losazolowera dzuwa. Pa 11 Disembala 1899, pa nkhondo ya Magersfontein kufupi ndi Kimberley ku South Africa, asilikali a ku Scotland ovala kilt anakakamizika kugona chafufumimba pa dzuwa kwa maola ambiri poopa zipolopolo za Mabunu. Ambiri anapsa kuseri kwa maondo mpaka kutuluka matuza.

Chachitatu ndi udzudzu. Amishoni a ku Cape Maclear anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali malungo amene anapha anzawo. Udzudzu wa malungo umaluma kuyambira madzulo mpaka m'bandakucha, ndipo umakonda miyendo. Wovala kilt madzulo ku Mtakataka wauitanira phwando. Tisaiwalenso chitedze kwa amene angafune kudutsa patchire maondo ali pamtunda.

Chachinayi ndi kasamalidwe. Kilt yaubweya sachapa ndi sopo pamwala ngati malaya athonje, ingafote ndi kutaya mapindo ake. Ukaipinda ili ndi thukuta n'kuitsekera m'chikwama nthawi ya dzinja, imachita chuku.

Malangizo kwa mlendo

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mlendo akatifunsa, timuuze izi. Asankhe kilt yopepuka ya nsalu ya mamita 4 kapena 5, yaubweya wopyapyala kapena yathonje. Avale malaya athonje otaya, asiye jekete, ndipo masokosi awatsitse mwambo ukatha. Aivale m'mawa kapena pa nthawi ya mwambo yokha, osati tsiku lonse, ndipo dzuwa likapendeka avale buluku lalitali ndi kugona m'masikito. Adzole mafuta oteteza ku dzuwa m'maondo ndi m'miyendo. Amwe madzi pafupipafupi osadikira ludzu, ndipo thobwa asalikane. Akavula, ayanike kilt yake pamthunzi podutsa mphepo. Pokhala pansi pamaso pa mfumu kapena m'tchalitchi asonkhanitse maondo ndi kukonza nsalu yake bwino, chifukwa kuno ulemu timauonera pa kakhalidwe.

Tonse tidziwenso zizindikiro zoopsa. Mutu ukayamba kuwawa, munthu akamva chizungulire, nseru, kufooka kapena kukokana kwa minofu, apite pamthunzi, amasule zovala ndi kumwa madzi a mchere ndi shuga. Akayamba kubwebweta, kusokonezeka kapena kukomoka thupi lili moto, ndiye kuti kutentha kwa thupi mwina kwapitirira madigiri 40. Pamenepo moyo uli pachiswe: m'thireni madzi ozizira, m'kupizeni, ndipo muthamangire naye ku chipatala, monga cha Mua ngati muli kufupi.

Phunziro la amishoni a ku Mua

Nkhani ya chovala cha kwina pa dzuwa la kuchigwa kuno si yachilendo mu Eklezia wathu. Kadinala Charles Lavigerie atayambitsa chipani cha White Fathers ku Algeria mu 1868, anafuna kuti amishoni ake alankhule chinenero cha anthu, adye zakudya zawo ndi kuvala ngati iwo. Motero sanawapatse mkanjo wakuda wa ansembe a ku France, koma mkanjo woyera wotaya wa anthu a ku Algeria wotchedwa gandoura, chofunda chapamwamba chotchedwa burnous, kachipewa kofiira, ndi korona m'khosi. Atavala chomwecho ansembe amenewa anafika kwa Mponda mu 1889, ndipo mu 1902 anatsegula mishoni ya Mua. Dzina lakuti White Fathers linachokera ku mkanjo woyerawo, osati ku khungu lawo. Mkanjowo unkanena kuti iwo ndi yani, komanso unkalola mphepo kudutsa. Mzimu womwewo wolemekeza za eni dera ndi umene unatsogolera Bambo Claude Boucher poyambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni ku Mua mu 1976, kumene mlendo amaona miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Msikotishi akaona zibiya kumeneko adzazindikira kuti kilt yake ili ndi abale ake kuno, koma abale odziwa nyengo: Mngoni amavala zibiya pa ngoma, ngoma ikatha amazivula.

Anzanga aseminale, ena a ife Mulungu akalola tidzatumizidwa ku maparishi a kunyanja, ena kunja kwa dziko. Tidzafuna kuoneka kuti ndife yani, ndipo n'koyenera kutero. Koma posokesa mkanjo tidzakumbukire kufunsa za nsalu: wanayiloni umawala pa guwa, koma pa mdipiti wa Ukaristia wa masana umasanduka ng'anjo, pamene wathonje wotaya umapuma. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kilt ingathe kufika ku Mtakataka ndi kubwerera bwino, malinga mwini wake asunge maonekedwe a makolo ake koma nsalu ndi nthawi yovalira afunse eni nthaka.