Kamera ya agogo sinafe, chikunama ndi sikelo yake

Amalonda inu mumadziwa kuti sikelo ikayamba kunama, bizinesi yalowa chisawawa. Mwina mukubera kasitomala osadziwa, mwina mukudzibera nokha. N'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayesa masikelo ndi miyala yodziwika kulemera kwake.

Eti nayo kamera ili ndi sikelo yake. Tikunena chikamera chamakedzana chija chokhala ngati bokosi, chotseguka kutsogolo n'kutulutsa mvukuto wachikopa. Sikelo yake siyesa makilo koma mtunda, ndipo dzina lake ndi rangefinder. Kachipangizoka kakasokonekera, zithunzi zimatuluka chimbuuzi, mwini wake n'kumati kamera yatha ntchito, bola kuigulitsa motchipa.

Pepani, kumeneko ndiye kutaya ndalama. Kamera zoterezi zikakhala zabwinobwino zimagulidwa madola mazana angapo pa intaneti, ndipo makampani a Kodak ndi Ilford akupangabe filimu yake.

Yotchuka kwabasi ndi Speed Graphic, yomwe inayamba kupangidwa mu 1912 ku Rochester, m'chigawo cha New York ku America. Mng'ono wake Crown Graphic anabwera mu 1947, ndipo kampani ya Graflex inasiya kupanga makamerawa mu 1973. Filimu yake si ya mpukutu ayi. Ndi chipepala cha mainchesi 4 kwa 5, chachikulu ngati chikhatho, ndipo kabokosi koikamo filimu kamatenga awiri okha basi.

Imeneyi ndiyo inali khasu la atolankhani a ku America. Chithunzi cha asilikali akudzutsa mbendera pa chilumba cha Iwo Jima pa 23 Febuluwale 1945, Joe Rosenthal anachijambula ndi Speed Graphic. Naye Weegee, yemwe ankathamangira ngozi ndi milandu usiku mu mzinda wa New York, ankanyamula yomweyi.

Nanga rangefinder inabwera bwanji? Kumbuyo kwa kamerayi kuli galasi lambuu lomwe eni ake amati ground glass. Wojambula amafunda nsalu yakuda, n'kuona chithunzi chili chozondoka pa galasilo, n'kumapotokola chitsulo choyendetsa lenzi mpaka chithunzi chioneke bwino. Galasi limeneli silinama, chifukwa limakhala pamalo penipeni pomwe filimu imakhala.

Koma mtolankhani angafunde nsalu nyumba ikupsa? Komanso akangolowetsa filimu, galasi lija latsekeka. Ndiye m'zaka za m'ma 1930 kampani ya Kalart inatulutsa kabokosi komangirira m'mbali mwa kamera.

Kabokosika kali ndi timawindo tiwiri, kena pamwamba kena pansi. Kuseri kwa kapamwamba kuli kalilole woonekera mbali zonse, ndipo kuseri kwa kapansi kuli kalilole wotembenuka. Wotembenukayo ndi wolumikizidwa ndi kamkono kachitsulo komwe kamatsamira njanji yoyendapo lenzi. Mukasuzumira mumaona munthu mmodzi ngati anthu awiri. Mukapotokola mpaka awiriwo asanduke mmodzi, ndiye kuti mtunda wakwana, jambulani.

Vuto ndi lakuti kabokosika kamachunidwa molingana ndi lenzi imodzi yokha. Wina akachotsa lenzi ya mamilimita 135 n'kuikapo ya 152, sikelo yayamba bodza. Kamera ikagwa pansi kamkono n'kusuntha, chimodzimodzi. M'diso zithunzi ziwiri zikumana ndithu, koma pa filimu nkhope ya mkwatibwi ili mbuu, mtengo wa kumbuyo kwake ndiye ukuoneka tsamba lililonse. Ukwati sabwereza, abale.

Kukonza kwake sikufuna makina. Mupeze sikuludiraiva yaing'ono, tepi yoyezera, galasi lokuza zinthu, nsalu yakuda ndi choimikapo kamera cha miyendo itatu. Lamulo ndi limodzi: woweruza ndi galasi la kumbuyo, rangefinder ndiyo imatsatira.

Choyamba, imikani kamera isagwedezeke, mutsegule lenzi mpaka pothera. Kokerani lenzi kutsogolo mpaka igunde tizitsulo tiwiri toimitsa tomwe tili pa njanji. Lozani chinthu chakutali zedi, monga nsanja ya mafoni kapena phiri, muchione pa galasi la kumbuyo mpaka chioneke bwinobwino. Ngati sichikutheka, tizitsulo tija tili pamalo olakwika, tisuntheni kaye.

Tsopano suzumirani mu rangefinder. Nsanja ikaoneka iwiri, pitani kumapeto kwa njanji komwe kamkono kaja kamatsamira. Pali sikuluu yomwe mutu wake suli pakati, ndipo ikamazungulira imakankha kamkono pang'onopang'ono. Izungulizeni mpaka nsanja ikhale imodzi.

Chachiwiri, masulani timasikuluu ta chivindikiro cha kabokosi. M'kati muli timizere tiwiri ta manambala, kena kumbuyo kena kutsogolo. Matani tsamba la nyuzi pakhoma, muyeze mtunda wa mapazi 15, kapena 25 ngati lenzi ndi yaitali. Chunani pa galasi la kumbuyo mpaka zilembo ziwerengeke, kenaka musakhudzenso njanji. Zilembo zikaoneka ziwiriziwiri mu rangefinder, masulani sikuluu ya mzere wa kumbuyo, musunthe kolozera pang'ono pokha, mumange.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi. Mukakhudza mzere wa kumbuyo, za kutali zija zimasunthanso. Bwererani ku nsanja, mukonze, mubwerenso ku nyuzi. Mungathe kuzungulira kanayi kapena kasanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu, sendezani kamera pa mapazi 4 kuchoka pakhoma, muchite zomwezo koma ndi mzere wa kutsogolo. Pomaliza yesaninso mitunda yonse itatu musanatseke chivindikiro, ndipo mulembe manambalawo pa kapepala kuti mawa musayambirenso pachiyambi.

Chenjezo: kalilole wapamwamba uja musamupukute ndi nsalu ngakhale ataoneka wakuda. Utoto wake ndi wopyapyala ndipo ukakalamba umachoka msanga. Ukachoka, chithunzi chachiwiri chimazimirira, ndipo mankhwala ake ndi kudula kalilole wina basi.

Chenjezo lina: kuyambira mu 1955 Graflex inayamba kuika rangefinder yakeyake pamwamba pa kamera m'malo mwa m'mbali. Imeneyo imayendera kachitsulo kosongoka kotchedwa cam, ndipo lenzi iliyonse ili ndi kake. Kakasowa kapena kakakhala ka lenzi ina, mungapotokole masikuluu mpaka dzuwa kulowa, palibe chingachitike.

Tsono wina akakubweretserani chikamera chotere pa benchi, musathamangire kuona kuwala kwa chikopa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Walitsani tochi m'kati mwa mvukuto muli mumdima kuti muone ngati uli ndi mabowo, mumve ngati shata ikulira, kenaka mufananize galasi la kumbuyo ndi rangefinder pa chinthu chimodzi. Zikagwirizana, katunduyo ndi wabwino. Zikasemphana, nenererani mtengo utsike, chifukwa mukudziwa kuti ndi ntchito ya masana amodzi.